Nyanja ya Chilwa ikaphwa, nsomba zimathawira kuti?

Mwina munazionapo pa Facebook zithunzi za mu 2018: mabwato ali gwaa pamatope ong'aluka ku Kachulu, anthu akupita pachilumba cha Chisi wapansi. Akuluakulu a m'derali sanadabwe kwenikweni. Nyanjayi inaphweratu mu 1968, inabwerezanso mu 1995, ndipo konseko madzi anabwerera.

Ndiye vuto lili pati? Chilwa ndi nyanja yosazama, komanso palibe mtsinje wotulukamo. Madzi amalowa kudzera m'mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe, koma potuluka amangouluka ndi dzuwa basi. Dziko likamatentheratenthera, dzuwa limamwa ambiri, pomwe mvula ikubwera mosadalirika: chaka china chilala, china namondwe ngati Freddy wa mu 2023, amene anakhuthula madzi ochuluka m'masiku ochepa.

Chomwe ambiri sitichidziwa n'chakuti nyanja ikauma, matemba, makumba ndi milamba sizifa zonse. Zina zimakwera m'mitsinje n'kukabisala m'maiwe akuya mpaka mvula itagwa. Nsomba zochepa zimenezi ndiye mbewu; zikabwerera kunyanja zimaswana, usodzi n'kuyambiranso. Apa m'pomwe pali nkhawa. Mtsinje umene kale unkayenda chaka chonse ukamaduka mu Okutobala, maiwe aja amachepa, madzi ake amafunda, ndipo nsomba zimaunjikana pamodzi moti munthu mmodzi wokhala ndi katupe atha kupha zonse tsiku limodzi.

Mbalame nazo zimasamuka. Mu 1996 Chilwa anakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zam'madzi, zina zochokera kutali ku Ulaya. Dambo likauma zimapanikizana pamadzi otsala, pomwenso msodzi amene ukonde wake ukutuluka wopanda kanthu watchera misampha. Mungamunene? Kunyumba ana akudikira ndiwo.

Komabe tisamangoloza chala kumwamba. Mitengo ya m'phiri la Zomba, komwe Likangala ndi Domasi amayambira, ikuthera ku makala, ndipo minda yafika m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Mvula ikagwa madzi sakulowanso pansi, akungothamanga ndi dothi n'kukakwirira maiwe omwe aja. Kutentha kwa dziko sitingakuletse tili ku Zomba, koma thumba la makala lomwe likutsika phirilo panjinga m'bandakucha, ogula ake ndife a m'tauni.