CITHOKOMIRO CINA SICIMVA MCERE

Ambiri a inu mudziwa cotupa ca pakhosi cimene tinena cithokomiro. Mwamvanso kwa alangizi a zaumoyo kuti kawirikawiri cidza cifukwa ca kusowa ayodini m'zakudya, ndi kuti mcere wa ayodini uletsa bvutoli. Zimenezo nzoona, musaleke kugula mcere wotere. Koma sabata ino tifuna mumve za cithokomiro cina cimene cigwira ngakhale mai wodya mcere wabwino masiku onse.

Pakhosi pa munthu ali yense pali kaciwalo kamene kathira m'mwazi mankhwala ace oyendetsa thupi. Kakagwira bwino nchito, mtima ugunda bwino, thupi lifunda, ndipo munthu apeza mphamvu zogwirira khasu. Kakatupa, ndico cotupa cija.

Tsono m'mwazi muli asilikali oteteza thupi. Ena mwa iwo dzina lao ndi maselo a T, ndipo CD4 imene ena muyezetsa ku cipatala ndi gulu limodzi la iwowa. Asanayambe nchito, ayamba aphunzira m'kaciwalo kena ka m'cifuwa, dzina lace thymus, ndiko kwacokera T ameneyo. Kumeneko aphunzira kusiyanitsa mdani ndi mwini mudzi, ndipo amene aonetsa mtima woukira thupi aphedwa komweko. Amene anazindikira nchito ya thymus ndi Jacques Miller ku London mu 1961, poyesa mbewa.

Koma ena oukira apulumuka. Kodi simunaone garu wolera nokha akuyamba kugwira nkhuku za pakhomo? Maselo otere alowa m'kaciwalo ka pakhosi kaja, naunjikana, nakaononga pang'ono pang'ono. Aitananso anzao, maselo a B, kuti asule zida zokalasira. Dotolo wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, ndiye anayamba kulemba za nthendayi mu 1912, atapima zotupa za akazi anai, ndipo mpaka lero nthendayi idziwika ndi dzina lace.

Igwira akazi koposa amuna. Mai atopa osagwira nchito, amva kuzizira ngakhale dzuwa la October, anenepa osadya kwambiri, khungu liuma, tsitsi lithothoka, kucimbudzi abvutika. Abambo, apa mpamene ambiri mulakwa, poyesa kuti mkazi wanu wayamba ulesi pa nthawi yosoosa. Si ulesi ai, ndi matenda.

Nthawi zina zidazo sizipha kaciwaloko, koma zikathamangitsa kopitirira muyeso. Imeneyo ndi nthenda ya Graves: mtima uthamanga, manja anjenjemera, thukuta silileka, munthu aonda cidyere nsima, ndipo ena maso atuzuka.

Nthenda ziwirizi si ufiti, ndipo sizipatsirana. Musatemere mphini pakhosi. Kuonjeza ayodini sikuciza, mwina kungokulitsa bvuto. Pitani ku cipatala kuti akakupimeni mwazi. Wa nthenda ya Hashimoto alandira mapiritsi a levothyroxine, olowa m'malo mwa mankhwala amene kaciwalo kaleka kupanga. Amwedwa m'mawa uli wonse musanadye, kawirikawiri moyo wonse. Musaleke poona kuti mphamvu zabwerera. Wa Graves alandira mankhwala ena obweza liwiro. Mai wodwala cotere akaima, auze a dotolo msanga, pakuti ubongo wa mwana ali m'mimba ufuna mankhwala a kaciwalo ka amace kuti ukule bwino.