Konzani Nyumba Yakale Mvula Isanayambe

Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo kwa anthu amene anali kukhalamo. Kuyambira pamenepo, nyumba ikaonongeka, wokonza ndi mwini wake. Ena ku Lilanda amaganiza zogulitsa kuti akagule puloti kunja kwa tauni. Komatu kumeneko madzi, sukulu ndi mabasi zimatalikira, ndipo mudzakhala pa lendi mpaka mutatsiriza kumanga.

Pokonza, yambani ndi denga, chifukwa likamadontha mitengo imaola. Ngati ndi la asibesito, musalidule ndi sowo kapena kuliswa, pakuti fumbi lake limaononga mapapo. Pambuyo pake kumbani ngalande kuti madzi asaime pamaziko. Mng'alu umene ukukulirakulira auone mmisiri musanaumate. Penti adikire.