Zikhatho zinayi pa phula

Mwezi wa Okutobala chaka chatha mnyamata wina analowa pa galaja yathu ku Biwi ndi Toyota 86 yoyera, nkhope ili ndwii. Anali akuchokera kunyanja. Popita anadzera ku Dedza n'kutsika Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, ndipo pa kona ina, iye akuti sankathamanga n'komwe, kumbuyo kwa galimoto kunangotaya, kufuna kupitirira kutsogolo. Anaibweza mumsewu, koma mtima unatsala pomwepo.

"Madala, mashoki atha awa. Tandionereni."

Mashokiwo sindinawakhudze. Ndinazungulira galimoto kamodzi n'kugwada pa tayala lakumbuyo.

"Achimwene, awiriwa munawatenga kuti?"

"Pa kaunjika. Taonani mano akewo, ngati atsopano. Awiri pa mtengo wa limodzi."

Mano analipodi ambiri. Koma pambali pa tayala panalembedwa mawu akuti STUDLESS. Mnyamatayu anali ataveka galimoto yake matayala oyendera pa madzi oundana a ku Hokkaido ku Japan, n'kukatsika nawo phiri dzuwa la Okutobala lili pamutu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito yathu ino phulalo ndi lenileni, lakuda, la mumsewu.

Ndatha zaka zoposa 20 ndikuvula ndi kuveka matayala, ndipo funso limene ndimamva tsiku ndi tsiku ndi limodzi: "Size iyi muli nayo? Ndi zingati?" Anthu amagula tayala ngati akugula thumba la simenti. Pa minibasi kapena pa kagalimoto kopitira kuntchito mukhoza kuyenda choncho zaka zambiri osaona kanthu. Galimoto zothamanga zija amati sports car sizibisa. Zinapangidwa kuti zizimuuza dalaivala chilichonse chimene chikuchitika pansi, ndiye mukaziveka zolakwika zimanenanso.

Ikani chikhatho chanu patebulo. Malo amene tayala limodzi limagunda pansi ndi aakulu ngati amenewo, mwina kuposerapo pang'ono. Zikhatho zinayi, basi. Mphamvu yonse ya injini imadutsa pamenepo, mabuleki pamenepo, kukhota pamenepo. Toyota 86 imalemera makilogalamu pafupifupi 1,250, ndipo ikafika makilomita 100 pa ola imameza mamita 28 pa sekondi iliyonse.

Tsono tayala silipita ndendende kumene laloza. Mukapotoza chiwongolero rimu imatembenuka nthawi yomweyo, koma mphira umene wagwira phula umatsalira, umapotoka, kenako n'kumatsatira. Yesani kutembenuka mwadzidzidzi mutavala masilipasi: phazi latembenuka kale, silipasi ikadaganiza. Kupotoka kumeneku si chilema ayi, ndi kumene kumabala mphamvu yokhotetsa galimoto. Mainjiniya amati slip angle, ndipo ndi madigiri ochepa chabe. Nkhani yagona pa funso loti akupotoka kwambiri ndi ati, akutsogolo kapena akumbuyo.

Akakhala akutsogolo galimoto imachita makani. Inu mwakhota, mphuno ikulunjikabe kutchire. Imeneyo ndi understeer, ndipo mankhwala ake thupi limawadziwa lokha: mantha akakugwirani mumachotsa phazi pa moto, kulemera kumatsamira kutsogolo, matayala akutsogolo amagwiranso, galimoto n'kumvera. Akakhala akumbuyo zinthu zimatembenuka. Mchira umatuluka, galimoto imakhota kuposa mmene mwaiuzira, ndiyo oversteer. Apa mantha omwe aja amakupwetekani, chifukwa mukachotsa phazi mwadzidzidzi kapena kuponda buleki, kumbuyo kumapepukiratu, mchira n'kupitirira. N'chifukwa chake opanga galimoto amazitchera kuti zikafika pa malire, kutsogolo kuziyamba kugonja. Mnyamata wanga uja, ndi ndalama zake zomwe, anasinthanitsa dongosolo limenelo.

Galimoto yakeyo ili ndi mbiri imene ndimakonda kuwauza anyamata a pa galaja. Pamene Toyota ndi Subaru ankaitulutsa mu 2012, uku ikutchedwa 86, uko BRZ, anaiveka matayala a Michelin Primacy HP a 215/45 R17, mtundu womwewo umene unkapezeka pa Prius zina. Prius, galimoto yosunga mafuta! Anthu anaseka. Koma Tetsuya Tada, injiniya amene ankatsogolera ntchitoyo, ndi anzake anachita dala. Ankafuna tayala losagwira mopambanitsa, lotaya pang'onopang'ono, lochenjeza lisanataye, kuti munthu wamba azimva galimoto ikusewera m'manja pa liwiro losapha. Masipuling'i, mashoki, ngakhale kompyuta yoletsa kuterereka, zonse anazitchera pa tayala limenelo. Atatulutsa yotsatira yake, GR86, mu 2021, ya injini yokulirapo ya malita 2.4, zina anaziveka Pilot Sport 4 pa marimu a mainchesi 18.

Makampani ena amafika polemba chizindikiro chawo pa tayala. Porsche amaika N, BMW kanyenyezi, Mercedes MO, Audi AO. Tayala lokhala ndi chizindikiro chotere likhoza kufanana dzina ndi size ndi linzake la pa shelefu, koma m'kati, pa mphira kapena pa kuuma kwa khoma, linasinthidwa kuti ligwirizane ndi galimoto imeneyo. Kwa ine zimenezi zimandiuza kuti kwa amene anapanga galimoto, tayala ndi chiwalo cha suspension mofanana ndi shoki. Ndani angaike shoki ya lole mbali imodzi ya galimoto chifukwa choti mabauti akulowa?

Ndinamuitana mnyamata uja kuti agwade nane tiwerenge khoma la tayala, poti zonse zimalembedwa poyera. Lakutsogolo linati 215/45 R17 87W. Nambala 215 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Nambala 45 si mamilimita ayi, ndi peresenti: khoma la tayala ndi lalitali 45 peresenti ya 215, ndiye kuti mamilimita pafupifupi 97. R ndi radial, kapangidwe kamene Michelin analembetsa mu 1946, ndipo 17 ndi rimu m'mainchesi. Nambala 87 ikutanthauza kuti tayalalo lingasenze makilogalamu 545, pamene W ndi liwiro la makilomita 270 pa ola. Zilembo zina zofala ndi H ya 210, V ya 240 ndi Y ya 300.

Pamenepa ambiri amandidula mawu. "Ine 270 ndikathamangira kuti? Pa M1 pomwe pali njinga, mbuzi ndi atrafiki?" N'zoona, ndipo musayese. Koma tayala loti lipirire 270 amalimanga molimba, malamba a m'kati okhwima, losapindika mwachisawawa likatentha, ndipo kulimba kumeneko mumakumva m'chiwongolero ngakhale pa 60.

Lakumbuyo linati 215/50 R17 91Q. Q ndi makilomita 160. Khoma lake linali mamilimita 107 ndi theka, lalitali ndi lofewa kuposa lakutsogolo, ndipo tayala lonse, kuchokera pansi kufika pamwamba, linali mamilimita 647 pamene lakutsogolo linali 625. Kusiyana kwa mamilimita 22 n'kochepa m'maso, koma kompyuta ya galimoto ilibe maso. Imangowerenga kuzungulira kwa mawilo anayi n'kumayerekeza. Akumbuyo akamazungulira mochedwa ndi 3 peresenti nthawi zonse, masamu ake amasokonekera, ndiye ikhoza kulowerera mochedwa kapena pomwe sipafunika. Pa Subaru zokoka mawilo onse anayi n'zoipirapo: kusiyana kotere kumagwiritsa ntchito difu yapakati usana ndi usiku mpaka kuidya.

Koma tchimo lalikulu linali mphira. Tayala la m'nyengo yachisanu amalipanga ndi mphira woti ukhalebe wofewa kukazizira kutsika madigiri 7, ndipo dzino lililonse amalichekacheka timizere ting'onoting'ono tambirimbiri toti tiziluma madzi oundana. Ndinamugwiritsa chala chachikulu kuti akankhe dzino limodzi cham'mbali. Linagona ngati tsitsi la mswachi. Pa phula lotentha la ku Golomoti mano onsewo amagona choncho nthawi imodzi, kumbuyo kumapotoka kwambiri, pamene kutsogolo, kumene kunatsala matayala ake enieni, kukuluma bwinobwino. Phazi lina mu jombo ya mpira, lina mu silipasi. Matayala amenewa ndi ambiri m'dziko muno chifukwa galimoto zogulidwa ku Japan zina zimabwera zitawavala, ndipo m'makontena a matayala akale amakhalamo osasankhidwa. Alibe mlandu. Kwawo amapulumutsa anthu.

Pali chinyengo china cha mano ambiri, ndipo chimagwira makamaka eni galimoto zokongola zimene zimatuluka Loweruka lokha. Mphira umakalamba ngakhale usakuyenda. Umauma, umachita ngati pulasitiki, mano ali chikhalire mamilimita asanu ndi awiri. Chikomekome cha mkuyu. Fufuzani pakhoma pamene palembedwa DOT, muwerenge manambala anayi omaliza: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Opanga galimoto ena amati tayala lisapitirire zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo opanga matayala amene amalolerako amaima pa khumi. Paul Walker, wa mafilimu a Fast and Furious, anafera mu Porsche Carrera GT ku Santa Clarita, m'chigawo cha California, pa 30 Novembala 2013, akuyendetsedwa ndi mnzake Roger Rodas. Ofufuza anati chinawapha ndi liwiro, koma analembanso kuti ena mwa matayala a galimotoyo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Mnyamata uja atamvetsa, anadumphira mbali inayo. Ankafuna matayala otambalala, a 245, pa marimu a 19, ngati zimene amaona pa YouTube. Ndinamuletsa. Tayala lotambalala limagwiradi kwambiri pa kona youma, sindikana. Koma likataya limataya mwadzidzidzi, limalondola mikwasa imene malole asiya pa phula mpaka chiwongolero kumakukokani, ndipo mvula ikagwa limakhala ndi madzi ambiri oti liwakankhe, ndiye limayamba msanga kuyandama. Tsiku la chizimalupsa, fumbi ndi oyilo za miyezi isanu ndi umodzi zitasanduka sopo pamsewu, m'pamene mumadziwa chimene munagula. Ndiye khoma lalifupi ngati lamba wa thalauza lija, likakumana ndi dzenje limodzi la mumsewu wathu, m'mawa mumapeza chotupa pambali ndi rimu yopindika. Tayala lotupa silimatidwa, n'lotaya.

Ine ndikanakhala ndi 86 muno, ndikanatsika m'malo mokwera. Ku Japan mitundu ina ya galimoto yomweyi inkatuluka pa 205/55 R16, imene msinkhu wake ndi mamilimita 632, pafupi kwambiri ndi 625, koma khoma lake lili ndi mnofu wopirira maenje. Chiwongolero chimachedwerako pang'ono kuyankha. Ndingalole zimenezo kusiyana n'kugula rimu mwezi ndi mwezi.

Ndalama zikakwana awiri okha, gulani ofanana ndi amene alipo kale, ndipo atsopanowo apite kumbuyo, kaya galimoto imakoka kutsogolo kapena kumbuyo. Apa ndimakangana ndi makasitomala pafupifupi sabata iliyonse, ena madalaivala akale kuposa ine, amene amati akutsogolo ndiwo amawongolera. Inde amawongolera, koma amene amasunga galimoto kuti isazungulire ndi akumbuyo, ndipo kumbuyo kulibe chiwongolero choti mukonzere zikalakwika. Mukamaveketsa imani pomwepo muone: pali tayala lokhala ndi muvi ndi mawu akuti ROTATION, pali lina lolembedwa OUTSIDE, ndipo mnyamata wothamangira nkhomaliro akhoza kutembenuza onse awiri. Mpweya nawo muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, motsatira kapepala kamene kali pa chitseko cha dalaivala. Pa 86 ndi 2.4 bar kutsogolo ndi kumbuyo. Nambala yaikulu yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire oti musapyole, musamapopere imeneyo.

Mnyamata wathu anadandaula, anawerenga za m'thumba, anaimba foni ziwiri, kenako anagula anayi ofanana a 215/45 R17. Titaveka ndi kuchita alignment ndinamuuza kuti makilomita mazana angapo oyamba ayende mofatsa, poti tayala latsopano limakhala loterera pamwamba mpaka litapalika. Tinakwera limodzi kulowera njira ya ku Bunda. Pa raundabauti yoyamba anangoti, "Aa! Madala, mwasintha mashoki eti?"

Awiri a ku Hokkaido aja anakhala pakhomo pa galaja sabata zitatu. Kenako kunabwera bambo wina wokhoma ngolo ku Mitundu, anawapenda, anawakankha ndi chala, n'kufunsa ngati ali olimba. Ndinawauza kuti chilembo Q chimalola makilomita 160 pa ola. Iwo anati ng'ombe zawo n'zofatsa, ndipo anawamangirira pa njinga n'kumapita.