Amisiri ogawira makina ntchito

Pali amisiri ena amene ntchito yawo ikayenda bwino, palibe amawatchula. Amalemba compiler, pulogalamu imene imasandutsa zolemba za munthu kukhala malangizo omveka kwa kompyuta. Pakati pawo ndimapatsa ulemu waukulu amene amaphunzitsa compiler kugawa chintchito chimodzi kwa mapurosesa mazanamazana, kuti agwirire limodzi pa manambala mamiliyoni.

Funso lawo loyamba n'lakuti: kodi gawo ili likudikira yankho la linzake? Ngati silikudikira, mapurosesa agawane ngati anthu pa dima, aliyense mzere wake. Ngati likudikira, kugawako kumawononga zonse, ndipo choopsa n'chakuti kompyuta sidandaula, imangotulutsa nambala yolakwika. Mmodzi mwa amisiriwa, Frances Allen, analowa ntchito ku IBM mu 1957, chaka chimene Fortran, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, inatuluka, ndipo anakalambira pa mafunso oterewa. Mphoto ya Turing ya 2006 inapita kwa iye, mayi woyamba kuilandira.

Pamene pamatuluka thukuta lenileni ndi pa kusamutsa katundu, ndiye kuti manambalawo. Purosesa imawonkhetsa mofulumira kwambiri kuposa mmene memory, nkhokwe ya kompyuta, imaperekera manambala, choncho nthawi yambiri imangokhala manja lende. Wolemba pulogalamu akati manambala achulukitsidwe kaye onse kenako awonkhetsedwe, compiler yabwino imalumikiza maulendo awiriwo kukhala umodzi, kuti nambala ikatuluka m'nkhokwe imalizidwiretu isanabwerere. Mauthenga ang'onoang'ono opita kwa purosesa ina imawamanga mtolo umodzi. Imayesanso kuika manambala pafupi ndi amene adzawagwiritse ntchito.

Ken Kennedy wa ku Rice University, ku Houston, anatsogolera gulu limene linatulutsa High Performance Fortran mu 1993. Cholinga chinali chabwino zedi: wasayansi angonena mmene manambala ake agawidwire, zotsalazo compiler ione. Koma ma compiler oyamba anali osakhwima, ndipo ambiri anathawira ku MPI, kumene munthu amalemba yekha uthenga uliwonse. Zimandipweteka kuti anthu anataya mtima msanga chotero. Kennedy anamwalira mu 2007, chaka chimene Nvidia inatulutsa CUDA, yolembera mapulogalamu a ma GPU okhala ndi mapurosesa ang'onoang'ono ambirimbiri, ndipo ma GPU-wo anadzutsanso mafunso akewo.

Lero amisiriwa ali ku Nvidia, Intel, Google ndi m'mayunivesite, ambiri akumanga ma compiler awo pa maziko otchedwa LLVM. Tsiku lathunthu limatha munthu ali maso pa malangizo amene compiler yake yatulutsa, kufufuza chifukwa chimene pulogalamu imene dzulo inkathamanga lero ikutsimphina.