Mlombwa ungakunolereni mipeni ya puleni

Thabwa likayamba kutuluka m'makina opalira lili ndi mizere kapena ubweya, akalipentala ambiri amathamangira ku giraindala. Mpeni umathwa ndithu, koma kutentha kumafewetsa chitsulo, ndipo ukangosanduka wabuluu m'mphepete sukhalitsa. Chinanso, palibe dzanja lingasunge kupendekeka kumodzi pampeni wotalika masentimita 30.

Ntchito imeneyo ipatseni mtengo. Pezani chidutswa cha mlombwa kapena mbawa chouma, chowongoka, chotalika ngati mipeniyo. Chekani timipata tiwiri m'litali mwake, topendekeka moyang'anana, molingana ndi mmene mpeni unanoledwera kufakitale, kawirikawiri madigiri 40 mpaka 45. Lowetsani mipeni iwiri n'kuimanga ndi masikuluwu, kukamwa kwake kutatulukira pang'ono mofanana. Paini musayese, amafewa ndipo mpeni umagwedera.

Kenaka matani sandipepa wosaopa madzi pagalasi lochindikala, m'nyowetseni, tembenuzani mtengowo kuti mipeni igone pasandipepapo, muzikankha ndi kubweza. Yambani ndi nambala 220, kenaka 400, mutsirizire 600 kapena 1000. Musanayambe, pakani inki ya maka kukamwa kwa mipeni. Inki ikachoka ponseponse, mwafika. Ikatsala pakati, pitirizani.

Kunola iwiri pamodzi kuli ndi phindu lina: imadyeka mofanana. Wina ukalemera kuposa unzake makina amanjenjemera, mabering'i n'kutha msanga.

Koma mpeni umene waluma msomali n'kubenthuka kwambiri, sandipepa sangauthe. Umenewo upite kwa eni makina onolera. Ndipo pomasula mipeni, zulani kaye pulagi kukhoma.