Munthu Amene Anawerenga Chibadwa cha Nandolo

Pakati pa mbewu zonse zimene mwana wa munthu amadzala pansi pano, zilipo zina zimene zinapeza ambuye olemera, monga chimanga, tirigu ndi mpunga, zimene maboma ndi makampani akuluakulu akhala akuzitayira chuma chosaneneka kuti zifufuzidwe. Ndipo zilipo zinanso, monga nandolo, tchana, mtedza ndi mchewere, zimene, ngakhale zimadyetsa miyandamiyanda ya anthu a m'maiko a mvula yochepa, zinakhala nthawi yaitali popanda wozilabadira, kufikira akatswiri eni ake anayamba kuzitcha mbewu zamasiye. Rajeev Varshney, mbadwa ya ku India, ndi mmodzi wa iwo amene anapereka zaka za mphamvu zawo kwa mbewu zonyozekazi.

Anabadwa m'chaka cha 1973 ku Bahjoi, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Uttar Pradesh, ndipo ataphunzira za zomera ku Aligarh Muslim University, napata digiri ya udokotala ku Meerut mu 2001 pofufuza za tirigu, ananka ku Gatersleben m'dziko la Germany kukasanthula barele. Wina akadakhazikika komweko, pakuti amene atumikira mbewu za olemera sasowa zipangizo kapena ulemu. Koma iye mu 2005 anabwerera kwawo nakalowa ntchito ku ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu za kumalo ouma, limene likulu lake lili ku Patancheru pafupi ndi Hyderabad, ndipo nthambi yake ina ili pa Chitedze, kunja kwa Lilongwe.

Tsono kuti timvetse chimene anakachita kumeneko, tiyenera kuyamba tadziwa kuti m'kati mwa selo lililonse la chomera muli ulusi wautali wotchedwa DNA, umene unalembedwa monga buku, koma ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwa m'mindandanda yosiyanasiyana. Zigawo zina za ulusiwo, zotchedwa majini, ndizo zimalamula kuti muzu utsike kufika pati, maluwa atuluke mwezi uti, ndi kuti chomera chipirire nthenda kapena chigonje. Palibe makina angathe kuwerenga buku lonselo kuchokera kuchikuto kufika kuchikuto. Chimene amachita ndi kuling'amba m'tizidutswa tosawerengeka, kuwerenga kachidutswa kalikonse pakokha, ndi kusiyira makompyuta amphamvu ntchito yolumikiza pamene mathero a kena afanana ndi chiyambi cha kanzake. Buku la mpunga linatha kuwerengedwa mu 2005, la chimanga mu 2009, koma la nandolo linali chitsekere.

Mu November 2011 gulu limene Varshney analitsogolera, mothandizana ndi bungwe la BGI la ku Shenzhen m'dziko la China ndi akatswiri a maiko ena, pakuti mutu umodzi susenza denga, linafalitsa m'magazini ya Nature Biotechnology chibadwa cha nandolo wa mtundu wotchedwa Asha. Mwa zilembo pafupifupi 833 miliyoni anakhoza kusanja zoposa 605 miliyoni, napezamo majini 48,680. Chilungamo chifuna titchule kuti gulu lina la akatswiri a boma la India, lotsogozedwa ndi Nagendra Singh, linatulutsanso zake za nandolo yemweyo pa nyengo yomweyo. Mbewu imene dzana inalibe woiyang'ana inapezeka ili ndi oilimbirana. Tchana anatsatira mu 2013, mchewere mu 2017, ndipo pa ntchito yowerenga mtedza, imene inagwiridwa ndi magulu angapo, dzina lake liliponso.

Koma mlimi angafunse, ndipo sangalakwe, kuti zilembo zimenezi zimlowetsera chiyani m'nkhokwe. Yankho lili pa nthawi. Katswiri wopanga mbewu zatsopano mwa njira yakale amatsegula duwa ndi kachopanira kakang'ono, nachotsa tizigawo ta mungu, napakapo mungu wa chomera china. Akatero amadzala ana ake ndi adzukulu ake nyengo ndi nyengo, akuyembekeza chaka cha chilala kapena cha nthenda kuti aone opirira, ndipo zaka khumi kapena khumi ndi ziwiri zimatha mbewu isanafike kwa mlimi. Koma amene adziwa malo enieni pa ulusi uja pamene pagona khalidwe limene akufuna, amangoboola kachidutswa ka tsamba pa mmera wa masabata ochepa, nakatumiza kukayezedwa, ndipo posakhalitsa amadziwa kuti mwa mbande mazanamazana zosunga ndi ziti, zozula ndi ziti. Pano palibe kutenga majini a cholengedwa china ndi kuwalowetsa m'mbewu, monga zichitikira ndi mbewu za GMO zimene anthu amakangana nazo. Kukwatitsa kwake ndi kwa makolo komwe kuja, chasintha ndi diso la wosankha.

Umboni woonekera bwino unachokera kwa tchana. Panali mtundu wina wosatchuka, wolembedwa ICC 4958, umene mizu yake imatsika pansi ndi kupeza chinyontho pamene anzake afota. Ndipo Varshney ndi anzake, atapeza kuti makhalidwe ambiri opirira chilala aunjikana pa chigawo chimodzi cha chibadwa chake, anasamutsira chigawocho m'mitundu imene alimi anaizolowera kale, akukwatitsa mobwerezabwereza ndi kuyeza masamba pa mbadwo uliwonse. Zotsatira zake zinali Pusa 10216 ku India ndi Geletu ku Ethiopia, mbewu zimene zinaperekedwa kwa alimi mu 2019. Mwa njira yomweyo munatuluka mtedza wa Girnar 4 ndi Girnar 5, wa mafuta osafulumira kuwonongeka. Ndipo mu 2021, m'magazini ya Nature, gulu lake linafalitsa chibadwa cha mitundu 3,366 ya tchana, yolimidwa ndi yakutchire yomwe, kuti aone zabwino zimene makolo anazitaya osadziwa pamene ankasankha mbewu zokoma m'maso.

Ulemu sunachedwe kumtsata. Dziko lakwawo linampatsa mphoto ya Shanti Swarup Bhatnagar mu 2015. Mu 2023 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society ya ku London. Zolemba zake ndi mazanamazana, ndipo ali m'gulu la akatswiri amene anzawo amawatchula kawirikawiri koposa. Masiku ano ali ku Murdoch University mumzinda wa Perth ku Australia. Ine ndiyesa kuti kuwerenga kangati munthu watchulidwa ndi muyeso wa ophunzira okhaokha, umene ungathe kukula ngakhale mphika wa wosauka uli chizizirire. Chimene ndichiona cholemera pa ntchito yake ndi chakuti zimene anawerengazo anaziika poyera pa intaneti, kotero kuti wophunzira wa ku Bunda angathe kuzitsegula popanda kulipira, ndiponso kuti achinyamata ambiri a ku Asia ndi Africa anaphunzira luso limeneli m'manja mwake.

Komabe tisafulumire kuomba m'manja, pakuti ife a kuno nandolo timamdziwa mbali zonse. Mitundu imene alimi a ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba amadzala m'mizere ya chimanga, monga Sauma, Kachangu ndi Mwaiwathualimi, inachokeradi ku ntchito ya ICRISAT ndi akatswiri a boma lathu, koma inasankhidwa m'munda ndi maso, buku lija lisanawerengedwe. Ndipo nandolo, chifukwa njuchi zimamsakaniza mungu kuchokera kumunda wa mnansi, amataya msanga ubwino wake ngati palibe wochulukitsa mbewu mosamala. Ndiponso mu 2017, pamene boma la India linaika malire a nandolo wolowa m'dziko lawo, mtengo unagwa kotero kuti alimi ambiri a kum'mwera anatsala ndi matumba m'nyumba, ena nazula mbewuyo m'minda mwawo. Dziko limene linatipatsa wowerenga chibadwa cha nandolo ndi lomwelo limene limagula nandolo wathu wochuluka, ndipo chaka chimene mvula yagwa bwino ku Maharashtra ndi Karnataka, zigawo za dzikolo, mavenda a ku Limbe amatsitsa mtengo mlimi asanayambe n'komwe kumenya nandolo wake.