Kugula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito: zoyenera kudziwa ndalama zisanachoke m'manja

M'mawa uliwonse misewu yochokera ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23 ndi Area 25 imadzaza ndi timagalimoto ta mtundu wa Vitz, Passo, Note, Demio, Probox ndi Sienta. Ambiri mwa magalimoto amenewa adayendapo kale zaka zingapo m'dziko lina asanaponde dothi la ku Lilongwe, ndipo ena adutsa m'manja mwa eni awiri kapena atatu kuno komwe. Kwa mabanja ambiri, kupatula nyumba, galimoto ndiye katundu wamkulu amene angagule pa moyo wawo. Ndalama zake zimachokera ku penshoni, ku malonda a zaka zambiri, ku banki mkhonde kapena ku ngongole imene idzabwezedwe kwa nthawi yaitali. Galimoto ikakhala yabwino imapititsa ana kusukulu, imathamangitsa wodwala kuchipatala usiku, mwinanso imabweretsa ndalama ikamayenda ngati takisi. Ikakhala yoipa imagona pagalaja kapena pamiyala kuseri kwa nyumba pamene ngongole ikupitirira kukula.

Galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kutumikira banja zaka zambiri. Chimene chimasiyanitsa wopindula ndi wolira nthawi zambiri ndi zimene wogula adafufuza asanalipire.

Kumene magalimotowa amachokera

Ochuluka amachokera ku Japan, kumene magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu monga kuno, ndipo chiwongolero chimakhala kudzanja lamanja. Lamulo la dzikolo limafuna kuti galimoto ya munthu wamba ipimidwe ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse. Kupimitsako kumadya ndalama zambiri, choncho eni ambiri amagulitsa galimoto ikadali ndi mphamvu. Makampani monga Be Forward ndi SBT Japan amatumiza magalimoto otere pa sitima zapamadzi, ndipo ambiri obwera ku Malawi amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kuyenda pamsewu mpaka kuchipata cha Songwe m'boma la Karonga. Ena amachokera ku South Africa ndi ku United Kingdom.

Munthu wa m'makwalala a Lilongwe ali ndi njira zitatu: kuitanitsa yekha pa intaneti, kugula kwa ogulitsa amene amaika magalimoto m'mipanda ndi m'mbali mwa misewu, kapena kugula kwa munthu amene wakhala akuyendetsa galimotoyo kuno. Njira iliyonse ili ndi chiopsezo chake. Woitanitsa amalipira chinthu chimene wangochiona pachithunzi. Wogula kwa wamalonda amaiona galimoto ndi maso, koma mbiri yake amaimva kwa munthu amene akufuna kuti igulidwe. Wogula kwa mnzake amalandira pamodzi ndi galimotoyo zonse zimene misewu ndi amakaniko a kuno adaichita.

Mtengo wa pachithunzi si mtengo wonse

Mtengo umene umaoneka pa intaneti kawirikawiri ndi wa galimoto yokha ili ku Japan. Pamwamba pake pamabwera ndalama za sitima, zolipira kudoko, za wothandiza kutulutsa katundu, za dalaivala ndi mafuta kuchokera ku Dar es Salaam, kenako misonkho ya bungwe la Malawi Revenue Authority, MRA. Misonkhoyi imatengera mtengo wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake, kotero kuti galimoto yakale kwambiri kapena ya injini yaikulu, imene imaoneka yotchipa pachithunzi, ikhoza kukhala yodula ikafika pachipata. Ndi nzeru kufunsa ku MRA za msonkho wa mtundu wa galimotoyo ndalama zisanatumizidwe.

Mphamvu ya kwacha nayo ili ndi gawo lalikulu. Mu May 2022 ndalamayi idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, pamene dola imodzi idachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Izi zikutanthauza kuti galimoto ya madola 3,000, imene inkafuna pafupifupi K3.5 miliyoni, idayamba kufuna K5.1 miliyoni, misonkho isanawerengedwe. Popeza galimoto imatenga masabata angapo panyanja, woitanitsa ayenera kusunga ndalama yapadera yoposa imene wawerengera. Galimoto ikakhalitsa padoko chifukwa mwini wake akusakabe ndalama, zolipira zosungira zimakwera tsiku ndi tsiku.

Palinso akuba amene amapanga masamba a pa intaneti ofanana ndi a makampani odziwika, kapena amatumiza uthenga wonena kuti akaunti ya kubanki yasintha. Ndalama zopita kwa kampani siziyenera kutumizidwa ku akaunti ya dzina la munthu, ndipo uthenga uliwonse wosintha akaunti uyenera kutsimikizidwa kudzera ku ofesi yeniyeni ya kampaniyo.

Mapepala ayambe, injini itsatire

Galimoto yowonongeka injini imakonzeka, koma ya mapepala olakwika ikhoza kulandidwa yonse, wogula n'kutsala wopanda galimoto ndi ndalama zomwe. Choncho kufufuza kuyambire pa mapepala.

Choyamba ndi buku la umwini, limene ambiri amalitchula kuti blue book. Dzina lolembedwamo lifanane ndi la pachiphaso cha wogulitsa. Ngati wogulitsa akunena kuti galimoto ndi ya mlamu wake amene ali ku Joni, kapena kuti mwini wake woyamba sakupezeka, malonda aime kaye kufikira mwiniyo atapezeka. Nambala ya chasisi ndi ya injini zimene zili m'buku zifanane ndi zodindidwa pa galimoto yeniyeniyo. Malo a nambala akaoneka opalidwa, owotcheredwa kapena opakidwa penti watsopano, chimenecho ndi chizindikiro choopsa. Nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services imasunga mbiri ya magalimoto m'makina a MalTIS, ndipo apolisi amatha kufufuza ngati galimoto idanenedwa kuti idabedwa, kuno kapena kunja.

Chachiwiri ndi umboni wakuti msonkho udalipiridwa. Magalimoto ena adalowa m'dziko muno ndi chilolezo cha kanthawi kochepa ali ndi nambala zakunja, ndipo ena adalowa osalipira msonkho chifukwa cha udindo wa mwini wake kapena wa bungwe lake. Galimoto yotere ikagulitsidwa msonkho usanakonzedwe, MRA ili ndi mphamvu yoigwira, ndipo imagwidwa m'manja mwa amene ali nayo pa nthawiyo.

Chachitatu ndi ngongole. Galimoto imaikidwa chikole kubanki, ku mabungwe obwereketsa ndalama ngakhalenso kwa akatapila. Lamulo la Personal Property Security Act la 2013 lidakhazikitsa kaundula wa katundu woikidwa chikole, amene adaikidwa pansi pa ofesi ya Registrar General pa nthawiyo, ndipo wogula akhoza kufufuzamo. Akatapila ambiri salembetsa m'kaundulayo, koma amakonda kusunga buku la umwini. Pachifukwa ichi, wogulitsa amene ali ndi fotokope yokha, kapena akunena kuti buku lidatayika, afunsidwe mafunso ambiri.

Kuiona galimoto ndi maso odekha

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti wonyezimira ndi injini yotsukidwa bwino sizinena kanthu za thanzi la galimoto, ndipo injini yotsukidwa kumene imabisa malo amene oyilo amadontha. Galimoto ionedwe masana, pamalo owala, ndipo wogula apite ndi makaniko wake amene wamulipira yekha. Makaniko wobwera ndi wogulitsa, kapena dobadoba amene akuyembekezera gawo lake malonda akatheka, sangakhale mboni yodalirika.

Injini iyatsidwe ili yozizira, chifukwa mavuto ambiri amabisala ikatentha. Kiyi ikatembenuzidwa, magetsi ochenjeza a injini, a oyilo, a mabuleki ndi a ma airbag ayenera kuyaka onse, kenako n'kuzima injini ikalira. Getsi limene silikuyaka n'komwe likhoza kukhala kuti lidachotsedwa dala. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo, utsi wakuda umasonyeza kuti ikumwa mafuta mopyola muyeso, ndipo utsi woyera wosatha injini itatentha kale umasonyeza kuti madzi akulowa m'injini. Pansi pa chivindikiro cha oyilo pakapezeka zoyera ngati phala, makaniko afufuze ngati madzi ndi oyilo sizikusakanikirana.

Makilomita a pawotchi asakhulupiriridwe okha, popeza amatha kubwezedwa m'mbuyo. Galimoto yosonyeza makilomita 60,000 koma chiwongolero chake n'chosalala, mpando wa dalaivala n'ngophwa ndipo mphira wa popondera mabuleki adatha, ikunena zosiyana ndi wotchiyo. Magalimoto ogulidwa pa okushoni ku Japan amakhala ndi pepala losonyeza makilomita ndi giredi yake, ndipo chilembo cha R chimatanthauza kuti galimotoyo idakonzedwapo itawonongeka thupi. Chiphaso chotulutsira galimoto m'dzikolo chimasonyezanso makilomita amene adalembedwa popima. Wogula ali ndi ufulu wopempha kuona mapepala amenewa.

Ngozi yakale imadziwika ndi zitseko zosatsekeka bwino, mipata yosafanana pakati pa boneti ndi thupi, mtundu wa penti wosiyana pang'ono, ndi matayala odyeka mbali imodzi. Galimoto imene idamirapo m'madzi imadziwika ndi fungo la chinyontho, matope ouma pansi pa makapeti ndi mosungira tayala lapadera, ndi dzimbiri pa zitsulo za pansi pa mipando. Yotere imayenda bwino poyamba, koma mawaya ndi makompyuta ake amayamba kufa pang'onopang'ono. Kunsi kwa galimoto kuyang'anidwenso, chifukwa kumadera ozizira a Japan ndi United Kingdom amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndipo mcherewo umadya chitsulo.

Matayala ali ndi manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene adapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lakale limaphulika ngakhale mapondedwe ake akuoneka atsopano. Magalimoto ena amabwera ndi matayala a m'chisanu, amene mphira wake ndi wofewa ndipo sapirira phula lotentha la mwezi wa October.

Pomaliza, galimoto iyendetsedwe mtunda wokwanira, pamsewu wa phula, pa chitunda ndi pamsewu wa mabampu. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a masiku ano ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT. Ikamanjenjemera ponyamuka, kulira mwachilendo kapena kuchedwa kugwira, wogula adziwe kuti kukonza kwake n'kodula.

Galimoto yoyenera msewu wa kwawo

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan adapangidwira misewu yosalala, ndipo ndi aafupi. Munthu wokhala m'kati mwa Chinsapo, Mgona kapena mbali zina za Area 23, kumene msewu ndi wafumbi m'chilimwe ndi wamatope m'dzinja, aganizire kutalika kwa galimoto kuchokera pansi asanakopeke ndi maonekedwe. Mashokabu, mabushi ndi zosefera mpweya zimatha msanga m'misewu yotere.

Ndi bwinonso kuyenda m'mashopu a masipeyala, monga a ku Biwi Triangle, n'kufunsa mitengo ya zipangizo za mtundu umene munthu akufuna asanagule. Mtundu wofala umakhala ndi masipeyala opezeka ndi amakaniko oudziwa. Mtundu wachilendo ukhoza kugona miyezi kudikira kachipangizo kamodzi kochokera kunja. Magalimoto a hybrid, monga Aqua ndi Prius, amamwa mafuta ochepa, chimene ndi phindu lalikulu pamene mafuta akudula ndi kusowa, koma batire lawo lalikulu limafooka ndi zaka, ndipo liyenera kupimidwa ndi makina lisanagulidwe.

Galimoto ikangogulidwa, oyilo ndi zosefera zisinthidwe, mabuleki ayang'anidwe, ndipo giyabokosi ithiridwe mafuta a mtundu wake weniweni okha. Pamwamba pa izi pali inshuwaransi, imene lamulo la pamsewu limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale nayo, ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda. Wothera ndalama zonse pa mtengo wogulira amayamba umwini wake ndi ngongole ina.

Tsiku lolipira

Malonda alembedwe. Kalata ya mgwirizano ikhale ndi maina ndi manambala a ziphaso za onse awiri, nambala ya galimoto, ya chasisi ndi ya injini, mtengo, tsiku, ndi mawu a wogulitsa otsimikiza kuti galimotoyo ilibe ngongole kapena mlandu. Mboni ziwiri zisayine. Kulipira kudzera kubanki kumasiya umboni ndipo kumapewetsa kuyenda ndi chikwama cha ndalama. Gawo lomaliza la ndalama ndi bwino liperekedwe wogulitsa ndi wogula atapitira limodzi ku ofesi ya Road Traffic kukasintha umwini. Kusintha kumeneku kumatetezanso wogulitsa, chifukwa galimoto ikachita ngozi kapena kugwiritsidwa ntchito pa umbanda ikadali m'dzina lake, apolisi amayambira kwa iye.

Amene wapusitsidwa ndi wamalonda akhoza kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission kapena kukhoti, ndipo za chinyengo ndi kuba zimapita kupolisi. Komabe kubweza ndalama zimene zapita kale kumatenga nthawi, ndipo nthawi zina wogulitsayo sapezekanso. Wogulitsa akamaumiriza kuti pali wina amene akubwera ndi ndalama madzulo omwewo, kapena akakana kuti galimoto ipite kwa makaniko ndi ku Road Traffic, wogula ali ndi chifukwa chokwanira chobwerera kunyumba ndi ndalama zake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo magalimoto ogulitsa mu Lilongwe amafika sabata iliyonse.